Jekete ya Mlamu pa Thunthu la Nthochi

Ine si wa zisudzo. Ndine telala, makina anga amakhala pakhonde la golosale ina pa Phalombe Boma, ndipo chimene ndimadziwa pa munthu ndi kukula kwa chiuno ndi kutalika kwa mwendo basi. Koma chaka chimene magulu a amayi kuno anapangana zochita chikondwerero cha zisudzo, olemba amayi, otsogolera amayi, osewera amayi okhaokha, ndinapezeka ndamiramo mpaka m'khosi. Anandikokeramo ndi mng'ono wanga wopondana nane, ndipo iyeyo sindinathepo kumukanira kanthu chibadwire.

Mwamuna wake anapita ndi madzi. Anali mkamwini pamudzi pathu, kunjira ya ku Fort Lister, kwawo kunali ku Chiwalo. Chaka cha namondwe uja, m'mawa umene phiri la Michesi linatsitsa madzi ndi miyala, anatulutsa mkazi ndi ana n'kukawasiya pamtunda kuseri kwa tchalitchi, iye n'kubwerera kukamasula mbuzi m'khola. Mbuzi zinapezeka madzulo zikubudula masamba m'munda wa eni. Iye sanapezeke. Anthu anakumba m'matope ndi makasu mpaka manja kuchita matuza, anatsata mtsinje kukafika kuchigwa, koma ngakhale nsapato yake sinaoneke.

Kwathu kuno munthu akasowa chotere timadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kukaliika m'manda ngati mwini wake. Timatero kuti maliro aliridwe, abale amete, wamasiye asudzulidwe aziona zina. Mabanja ambiri anachita zimenezi chaka chimenecho, moti m'minda ina nthochi zinatsala zitsa zokhazokha. Akuchimuna nawo anabwera kudzanena kuti kwawo akonzeka, akungodikira mkazi ndi ana. Mng'ono wanga anawamvetsera mpaka kumaliza, maso ali pansi, kenako anati, “Mwamuna wanga si nthochi.”

Anakana tsiku limenelo, anakananso ulendo wotsatira. Ankati anamva kuti ena madzi anakawalavula kutali, asodzi n'kuwatola ali moyo, ndipo ena anaiwala ndi dzina lomwe chifukwa cha mantha. Apongozi ake, mayi wochepa thupi wosakonda kulankhula, ankabwera pa kabaza kuchokera ku Chiwalo, kukhala pakhonde miyendo atatambasula, n'kubwerera osalawa kanthu. Kuika thunthu mkazi ndi ana palibe sakanatha, anthu akanati aika chiyani? Choncho mayi uja anakhala ndi maliro m'mimba osawalira, ndipo mng'ono wanga anakhala ndi mwamuna wosabwera.

Ine zinkandipweteka, zinkanditopetsanso. Masiku ena ndinkafuna kumugwedeza mapewa kuti avomere tipume. Koma wina akamunena kuti wapenga, ndinkalusa mpaka kuthyola singano. Mayi wina wodzayesa diresi anati, “Koma mng'ono wanuyo akuzunza mzimu wa munthu.” Diresi lake anakamalizitsa kwina.

Nyumba yawo nayo inakokoloka, ndipo pa zovala zonse za mlamu wanga panapulumuka jekete imodzi, chifukwa inali kwa ine. Anaibweretsa madzi asanabwere kuti ndiike chigamba pachigongono. Jeketeyo inali yofiirira, ine ulusi wofiirira unali utandithera, ndiye ndinasoka ndi wobiriwira, ndikudziwa kuti adzandiseka kuti telala wa pa Boma wamuveka msipu. Sanabwere kudzanditenga nayo nthabwala. Mng'ono wanga atasamukira kuno pafupi ndi ine, anaitenga n'kuikoloweka pa msomali kuseri kwa chitseko. Dzuwa likawala ankaiyanika, ati isanunkhe nkhungu mwini wake akadzafika.

Zisudzo mng'ono wanga anaziyambira kumsasa kusukulu kumene anthu ogumukiridwa nyumba ankagona. Amayi ankayeserera anthu ogawa ufa kuti ana aseke, kenako linakhala gulu lenileni. Mng'ono wanga mutu wake unkagwira kuyambira kusukulu, ndiye atamva za chikondwerero analemba sewero lake, n'kukhalanso wotsogolera. Linali la madzi omwe aja.

“Iwe, ukufuna kukanda chilonda,” ndinamuuza.

“Chikuyabwa, achemwali,” anatero. “Inu mungondisokera zovala.”

Chikondwererocho chinalibe bwana wothira chuma. Wina anapereka chimera cha thobwa, wina nkhuni, mpingo wina unabwereketsa mabenchi, aphunzitsi ena anapempha bwalo la mpira pasukulu yawo. Mayi wina wopuma pa uphunzitsi ndiye ankayendetsa zonse, ndi chimkuzamawu chimene chinkalira chikafuna. Ine ndinapereka makina anga ndi msana wanga. Ndinkaganiza kuti ndi ntchito yopinda zitenje, osadziwa kuti vuto lili pa amuna.

Popeza osewera anali amayi okhaokha, mbali za abambo ankasewera amayi omwewo, ndiye pankafunika mabuluku, malaya ndi zipewa. Amuna a pa Boma ndi midzi yozungulira anakana ngati anachita kupangana pamsonkhano. Ati mkazi akalowetsa mwendo m'buluku la mwamuna wake, mwamunayo amapusa, amangokhalira kutsuka mbale ndi kuvomera zilizonse. Abambo a kunyumba kwanga, amene buluku lililonse ali nalo ndinawapindira ndine, anatsekera onse m'sutikesi, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Ndinawafunsa kuti kodi nzeru zawo zonse zimakhala m'buluku. Ndinasoka mabuluku a matumba a ufa ndi zotsala za kaunjika mpaka maso kuchita chidima. Lina linatuluka mwendo umodzi waufupi, tinangoti limenelo avale wosewera chidakwa.

Koma mwamuna wa m'sewero la mng'ono wanga sakanavala thumba la ufa. Anali munthu waulemu wake, wopita kutchalitchi. Tsiku lina tikukonzekera kuseri kwa nyumba yanga, mng'ono wanga anatulukira ndi jekete ija pamkono. Mayi wogulitsa mandasi, wamkulu thupi ndi mawu a besi, amene ankasewera mwamunayo, anabweza manja kumbuyo.

“Asisi, chovala cha malemu sativala anthu asanamete,” anatero.

“Wamwalira ndani?” anafunsa mng'ono wanga.

Mayi wa mandasi anandiyang'ana kuti ndimupulumutse, ine ndinayang'ana ulusi. Anaivala, ndipo inamukwana ngati ndinachita kumuyeza. M'boma lonse mwamuna mmodzi yekha ndi amene anabwereketsa chovala chake ku zisudzo za amayi, ndipo anali amene sakanatha kukana.

Mathero a sewerolo ndinawamvetsa mochedwa. Mwamuna akapita ndi madzi, abale ake amabwera ndi thunthu la nthochi ataliveka jekete yake, n'kulifunditsa nsalu yoyera. Akuimba nyimbo ya maliro, mkazi amatulukira, kuvundukula nsaluyo, kuvula thunthulo jekete, n'kunena kuti uyu si munthu, ndipo amachoka nayo jeketeyo anthu onse akuona. Mbali ya mkaziyo ankasewera yekha. Zimene ankalephera kuwauza apongozi ake pakhonde, ankafuna azinene pabwalo, Phalombe yense amve.

Pokonzekera ankagwiritsa ntchito mphasa yokulunga, chifukwa palibe akanadula nthochi tsiku ndi tsiku. Ankafika pamathero bwinobwino, amayi n'kuwomba m'manja, wina n'kufunsa ngati thobwa latsala. Kutatsala pang'ono, mng'ono wanga anati pa tsiku lenilenilo pakhale thunthu lenileni, ndipo ine ndipinde m'mphepete mwa nsalu yoyera.

“Bwanji osangopitiriza ndi mphasa yomweyo?” ndinafunsa.

“Mphasa ilibe kulemera. Onyamula amathamanga nayo ngati akupita kukayanika ufa. Ndikufuna anthu aone mapewa akutsika.”

Pa nkhani ya sewero ankanena zoona, ndipo n'zimene zimandipweteka mpaka lero. Thunthulo anakapempha kwa bambo wina woweta nkhumba, amene anavomera malinga alibweze sewero likatha kuti akaduliredulire ziweto zake. Nsalu ndinang'amba pa shiti yanga yakale ya pabedi. Popinda m'mphepete manja ankandizizira, koma ndinadziuza kuti ndi chiperoni.

Za jekete zinafika ku Chiwalo ife tisanaganize n'komwe. Anyamata a kabaza amanyamula anthu kumbuyo, nkhani kutsogolo. Anakanena kwa apongozi aja kuti jekete ya mwana wawo ikuyenda pa Boma ili pamapewa a mayi wa mandasi. Pali mwambi uja wa wolira mvula ndi matope, umene ndinatsala pang'ono kumuponyera mng'ono wanga nditamva zimenezi. Ndinaumeza. Chichitikireni zija, kwathu kuno mwambi umenewo sutuluka bwino m'kamwa.

Masiku ano anthu akamakamba za tsiku la chikondwererocho amati zisudzo zimachiritsa. Amanena mokoma, ena ngakhale sanalipo. Ine ndinalipo, ndipo sindikudziwa ngati mng'ono wanga anachira kapena analandidwa chinthu chokhacho chimene chinkamudzutsa m'mawa. Chikondwererocho chimachitikabe, ine ndimasokabe mabuluku ake, koma funso limeneli silinandichoke.

Tsikulo linali la mphepo, anthu atakolola. Bwalo linadzaza kuposa mmene tinkaganizira, amuna omwe anakaniza mabuluku aja ataima kumbuyo manja m'matumba, kudzaona mmene akazi awo awanyozere. Magulu oyamba anaseketsa anthu mpaka misozi. Gulu lina linaonetsa bambo wogulitsa nandolo wa mkazi wake mobisa, mayi wosewerayo akukanda ndevu za makala, ndipo amayi ankaloza amuna awo ndi milomo. Ine ndinali kuseri kwa nsalu yotchinga, singano ili pachifuwa pa bulauzi, kusoka zong'ambika. Ndili pomwepo ndinasuzumira n'kuona apongozi a mng'ono wanga atakhala pansi kutsogolo kwenikweni, mlongo wawo, atsibweni a mlamu wanga, atanjuta pambali pawo.

“Abwera,” ndinamunong'oneza mng'ono wanga.

“Ndawaona. Amve,” anatero, akumanga duku.

Sewero litayamba, mayi wa mandasi anatulukira m'jekete muja akuyenda phewa limodzi lili pansi, mmene mlamu ankayendera. Mng'ono wanga anali atamuphunzitsa mpaka katsokomoledwe. Ine amene ndinaona zimenezi kambirimbiri pokonzekera, ndinachita ngati ndaona munthu wakumanda. Apongozi aja anagwira pakamwa ndipo dzanjalo silinachokepo.

Madzi anawaonetsa ndi zitenje zimene amayi ankakupiza, ena akugubuduza migolo yopanda kanthu kuseri. Phokoso la migolo lija linali lomwe lija la miyala potsika m'phiri. Ana ena anayamba kulira, bambo wina anatembenuka n'kuchoka pabwalo osacheuka. Kuseka konse kuja kunauma.

Kenako analowa nalo thunthu. Amayi onyamula mapewa anatsikadi, mapazi akukhwekhwereza, chifukwa thunthu la nthochi laliwisi limalemera ngati munthu. Nsalu yoyera inali yaifupi pang'ono, mkono wa jekete unkalendewera kunja, chigamba changa cha ulusi wobiriwira chili poyera. Osewera anayambitsa nyimbo ya maliro, yomwe timaimba popita kumanda. Sanaganize kuti pabwalo paja panadzaza anthu amene anayendapo kale kumbuyo kwa thunthu lotere akuimba nyimbo yomweyo. Anthu anailandira okha, mabenchi onse, ndi amuna akumbuyo omwe.

Kulira kunayambira kumbuyo, mayi mmodzi, mawu aatali aja a pa siwa. Wina anamulandira, kenako winanso. Aliyense ankatchula wake. Osewera anatsitsa thunthu pamphasa n'kumayang'anana, chifukwa izi sizinali m'sewero. Pamenepo apongozi aja anakwawa ndi maondo kuchoka pamene anakhala, kudutsa mzere wa phulusa umene tinalemba kuti oonera asapyole. Anagwira mkono wa jekete, kuusisita pachigamba paja, n'kuuika patsaya. Chichewa chinawathawa, analira m'Chilomwe cha kwawo. “Mwanaka! Mwanaka!” Mwana wanga, mwana wanga.

Apa ndi pamene mng'ono wanga ankayenera kutulukira n'kuvula thunthu jekete. Anatulukiradi, mwamphamvu mmene ankachitira pokonzekera, koma atafika pakati anaima. Ana ake omwe, amene tinawakhazika pabenchi kuti aonere amayi awo, anali atagwada pambali pa agogo awo akulira bambo awo. Chichokereni bambowo anawa anali asanaloledwe kulira pamaso pa mayi wawo.

“Uyu si munthu,” anatero mng'ono wanga. Anali mawu a m'sewero, koma anatuluka aang'ono, moti tinamva ndi ife apafupi tokha. Anagwada. “Amayi, ndi sewero chabe ili. Ndi nthochi iyi, tadula dzulo.”

Apongozi ake anamuyang'ana, nkhope yonse ili nyowe. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

“Ndikudziwa kuti ndi nthochi, mwananga. Kodi ena onsewa anaika chiyani? Wamuveka wekha, wamuimbira wekha, ine ndamulira. Tsopano ndimusiye pabwalo la mpira?”

Amuna anali atavula zipewa. Mayi woyendetsa chikondwerero anakweza chimkuzamawu kuti aitane gulu lotsatira, anachiyang'ana, n'kuchiika pansi. Bambo wa nkhumba uja anatulukira pangodya ya kalasi ndi wilibala yake kudzatenga thunthu lake monga tinapanganirana. Anaima, anaona, anatembenuza wilibala n'kubwerera mwakachetechete. Atsibweni aja anadzuka n'kukanong'onezana ndi akuluakulu ena, ndipo ndinamva wina akufunsa za galimoto yopita ku Chiwalo. Palibe analamula kanthu. Chinthu chimene chaliridwa ndi anthu onsewo sichikanapitanso kukhola, aliyense ankadziwa.

Ine ndinapsa mtima. Ndinapsera mtima mayi wolira uja, anthu oimba, thunthu, mphepo, ndi zisudzo zomwe. Mng'ono wanga anakana m'nyumba, anakana pakhonde, anakana kwa ankhoswe, ndiye amugonjetsere pabwalo ndi sewero lolemba yekha? Ndinadutsa mzere wa phulusa uja n'kukagwada pafupi naye.

“Tenga jekete yako tizipita,” ndinamuuza kukhutu. “Palibe angakugwire. Wofuna kulankhula alankhule ndi ine.”

Ndinkanena zoona. Ndikanaivula ndekha jeketeyo, anthu n'kumanditukwana mpaka kukalamba, sindikanasamala. Mng'ono wanga anatambasula dzanja n'kugwira kolala. Ndinaona zala zake zikulimba, ndinati basi wakoka. Anakhala choncho nthawi yaitali, akuyang'ana ana ake. Kenako zala zija zinamasuka, n'kuyamba kuwongola kolalayo pamene inapindika. Anatenga mkono wolendewera uja m'manja mwa apongozi ake mwaulemu, n'kuugoneka pachifuwa pa thunthu. Anakoka nsalu yoyera kuti afunditse, koma mphepo inkaivundukula.

“Achemwali,” anatero osandiyang'ana, “singano muli nayo?”

Ndinali nayo pachifuwa pomwe paja. Ndinkafuna kunama kuti yatayika. Ndinaisolola, ulusi unakana kulowa chifukwa maso anali atadzaza, mpaka mayi wa mandasi anandilowetsera. Ndinayambira kumapazi, ngati nthochi ili ndi mapazi, kulumikiza mbali ziwiri za shiti yanga yakale, anthu akuimba pansipansi. Mng'ono wanga anakhala pansi kumutu, pafupi ndi apongozi ake, n'kutambasula miyendo mmene amakhalira anamfedwa. Anavula duku la m'sewero lija n'kulipinda pamwendo.

Ndinasoka kudutsa pachigamba changa chobiriwira, ndinachiona komaliza n'kuchitseka. Nditafika chakumtunda, mng'ono wanga anandigwira dzanja.

“Pakhosipo musathinitse, achemwali,” anatero. “Amadana ndi zothina pakhosi.”

Ndinamasula ulusi pang'ono, n'kusiya mpata wolowa zala ziwiri.